Digiri imatha, Nyanja ya Chilwa ikusinthabe

Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968. Inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 madzi anathawa mpaka mabwato a pa doko la Kachulu anatsalira pamatope. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangolandira a Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi ina. Poti ndi yosaya, mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana dzuwa limaimaliza. Kuchokera 1968 kufika 1995 panadutsa zaka 27, pomwe wophunzira wa PhD amapatsidwa zaka zitatu kapena zinayi kuti afufuze, alembe, amalize.

Apa ndiye pagona nkhani. Chilengedwe sichifulumira kuulula khalidwe lake. Amene wayeza madzi a Chilwa nyengo za mvula zitatu zokha wangoona mbali yaing'ono, ndipo ngati anafika zaka za madzi ambiri akhoza kulemba zoona zokhazokha koma n'kusocheretsa owerenga. N'chifukwa chake ndikuti pophunzitsa akatswiri a zachilengedwe, funso lalikulu ndi lakuti munthuyo akavula mkanjo wa pa tsiku lolandira digiri, adzapitiriza kuyeza kapena basi zathera pomwepo.

Umboni tili nawo kwathu konkuno. Cha m'ma 1966, University of Malawi ikadali khanda, aphunzitsi ake anayamba kafukufuku wa pamodzi pa Chilwa, ndipo anakhala naye zaka pafupifupi khumi. Mwayi wawo unali wakuti anaiyeza nyanja isanaphwe, anaiona ikuphwa, n'kuionanso ikubwerera. Ndi iwo anaonetsa bwino momwe matemba, makumba ndi milamba zimathawira m'mitsinje ndi m'madambo madzi akachepa, n'kudzabwereranso kukaswana nyanja ikadzadza. Zotsatira zake zinatuluka m'buku la mu 1979 lokonzedwa ndi Margaret Kalk, A. J. McLachlan ndi C. Howard-Williams, ndipo mpaka lero wofufuza za Chilwa sangalizembe. Mphamvu ya ntchitoyo inali kukhalitsa pamalo amodzi.

Pa nkhani yolandira ophunzira tapita patsogolo, tisakane. Kale wofuna PhD ankayenera kukwera ndege. Pano ku Bunda, komwe tsopano ndi yunivesite ya LUANAR, kuli PhD ya za nsomba yomwe inayamba mogwirizana ndi bungwe la RUFORUM, ndipo kumabwera ophunzira a m'maiko oyandikana nafe. Ku Ndata ku Thyolo, yunivesite ya MUST inatsegulidwa mu 2014 ndipo ili ndi sukulu ya za nyengo ndi nthaka. Mzuzu University imaphunzitsa za nkhalango ndi za madzi. Khomo lolowera lakula. Lotulukira ndiye likadali lopanikiza.

Taonani zomwe zimamuchitikira dokotala watsopano wa PhD. Wabwera ndi luso loyeza mchere ndi mpweya wa m'madzi, kapena lowerenga zithunzi za setilaiti kuti aone nkhalango yomwe yatha. Asanamasule n'komwe chikwama, ampatsa makalasi odzadza mpaka pakhomo ndi mulu wa mapepala ochonga. Posakhalitsa amusankha kukhala mkulu wa dipatimenti, poti ma PhD ndi ochepa. Akalowa mu labotale apeza makina afumbi, osoweka kachipangizo kakang'ono kogula ndi ndalama zakunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya mankhwala oyezera yachita kunyanya. Kenaka foni ilira: pali kampani ikufuna lipoti la momwe ntchito yake ikhudzire chilengedwe, monga lamulo la mu 2017 limafunira, ndipo ilipira mwezi uno. Sabata yamawa kuli msonkhano ku Mponela kapena ku Salima, alawansi ilipo. Ndani angamunene? Kumudzi akumudikira ndi fizi ya ana a mlongo wake, poti amva kuti tsopano ndi dokotala. Zikatha zaka zisanu, kunyanja komwe anapezera digiri amangopitako akamaperekeza alendo.

Nanga manambala amene anasonkhanitsa, akugona m'zimbowera, timisasa ta panyanja, pamodzi ndi asodzi, udzudzu ukumudya? Ambiri amathera mu laputopu. Ikabedwa kapena kuwonongeka, apita. Ena amatsala pa kompyuta ya yunivesite yakunja yomwe inalipira maphunziro. Wophunzira wotsatira amayambiranso pachiyambi, ngati mlimi wothyola mphanje chaka ndi chaka pomwe munda wolimidwa kale uli pafupi.

Tsono maphunziro a PhD ayenera kukonzedwa moganizira zaka khumi zotsatira. Wophunzira asamapatsidwe mutu wongotola chifukwa wopereka ndalama waukonda chaka chimenecho. Alowe m'kaundula yemwe ena anayamba kale, wa Chilwa, wa chambo cha ku Malombe, wa mkungudza wa pa phiri la Mulanje, ayeze ndi njira zomwezo kuti manambala ake alumikizane ndi a amene anamutsogolera. Asanalandire digiri asiye manambalawo pamalo osungika m'dziko muno, pomwe mnzake angawapeze osachita kugwadira munthu. Ndipo akamaliza apatsidwe zaka ziwiri za kafukufuku yekha, makalasi ochepa, kandalama ka mafuta ndi mankhwala kalipo. Maiko ena ntchito yotereyi, ya postdoc, ndi yachizolowezi. Kuno ndi yosowa, ndipo pamenepa ndi pomwe timataya anthu.

Palinso zina zomwe oyang'anira ophunzira amaziona ngati zosafunika: kulemba pempho la ndalama, kusunga bajeti, kufotokoza zotsatira pa tsamba limodzi loti phungu wa Nyumba ya Malamulo awerenge, ndi kuyankhula ndi komiti ya asodzi m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chilomwe popanda womasulira. Kumvetsera nakonso n'luso. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo akuluakulu a kumeneko amakumbukira zaka zomwe kaundula wa boma sanazilembe. Komanso si dokotala aliyense ayenera kukhala mphunzitsi. Ku bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, ku nthambi ya usodzi, ku nthambi ya zanyengo ndi ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA kukufunika anthu otere, bola malipiro ndi maudindo azizindikira digiriyo.

Wina anena kuti dziko losowa mankhwala m'zipatala lilibe ndalama zolipira munthu woyeza matope. Mawuwo ndi omveka, koma tawerengerani zomwe tikulipira kale. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kukhala m'mdima wa kuzimazima kupitirira chaka. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, n'kupha anthu mazanamazana. Kudziwa phiri lomwe lingagumuke kapena mtsinje womwe wadzadza mchenga kumafuna munthu amene wakhala akuyang'ana malowo kwa zaka, osati katswiri wobwereka wa masabata awiri.

Inu a National Commission for Science and Technology, akuluakulu a mayunivesite ndi abwenzi opereka ndalama za maphunziro, pa ma PhD asanu alionse amene mukufuna kulipira, chotsanipo imodzi. Ndalama yakeyo isunge pa ntchito ya kafukufuku anthu amene mwaphunzitsa kale, kuti Chilwa ikadzaphwanso tidzakhale ndi woyeza pa Kachulu.