Nyale Imafuna Nyumba Yoti Iunikiremo

Lamulungu Lachisanu pa Chaka, Chaka A: Yesaya 58:7-10, Mateyo 5:13-16

Anthu a m'nthawi ya mneneri Yesaya ankasala kudya ndi kupemphera kolimba, koma ankadandaula kuti Mulungu sakuwamva. Powayankha, Mulungu anawafunsa za anjala, za ausiwa ndi za amphawi osowa pogona, ngati anawatsekulira chitseko. Mu Mthenga Wabwino Ambuye Yesu akufanizira ophunzira ake ndi nyale younikira onse a m'nyumba. Mau awiriwa akumana pa nkhani imodzi: nyumba.

Ku Wimbe, m'boma la Kasungu, n'kumene William Kamkwamba anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi atalekeza sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002. Dziko lonse linamva za babu limene anayatsa. Koma babulo linayaka m'nyumba ya makolo ake, pamalo pawopawo, pamene panalibe wowauza kuti asamuke.

M'madera a fodya a Kasungu munalinso mabanja ena amene analibe mwayi umenewo. Awa ndi matenanti, ambiri ochokera kutali monga ku Mulanje ndi ku Phalombe. Tenanti ankalandira munda, chimanga cha ngongole ndi kanyumba ka udzu pafupi ndi chigafa. Zonsezi zinali za mwini esiteti. Fodya akagulitsidwa, ngongole ikachotsedwa, banja linkatha kutsala manja lendelende n'kuuzidwa kuti lichoke. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, pofuna kuti mlendo asamalidwe asanapite. Pa esiteti ena anaumva mwambiwu chamutu pansi, ngati kuti munthu wokamuka msanga safunikira denga labwino.

M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito ndi kuthetsa utenanti. Chinali chinthu chabwino. Komabe lamulo la ntchito silimangira munthu nyumba. Banja lochoka pa esiteti lopanda munda kwawo limalowera pa sitolo za pa Wimbe, pa boma pa Kasungu, mwinanso ku Mtandire kapena ku Mgona mu Lilongwe, kukafuna chipinda cha lendi. Motero nkhani ya kumunda yasanduka nkhani ya m'tauni, ndipo yafika pa khomo la akhristu a m'parishi muno.

Dziko lino linayesapo kale kusungira osauka malo. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, linkadula mapuloti m'madera ngati Kawale ndi Area 25, n'kuwapereka pa mtengo wotsika kuti munthu amange nyumba molingana ndi thumba lake. Pambuyo pake madera otere anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo a mizinda. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo, ndipo lamulo la mapulani a malo la 2016 linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya kamangidwe, midzi ngati ya kwa Wimbe yomwe. Mphamvu zilipo. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi anthu okumbutsa khonsolo kuti mphamvuzo ndi za amphawinso.

Vuto lake limayenda motere. Puloti yotsika mtengo ikatuluka, woyamba kumva ndi wandalama ndi wodziwana ndi akuluakulu. Amagula iwiri kapena itatu m'maina a abale, n'kumangapo midadada ya lendi. Wosauka amene anayenera kukhala mwini malowo amabwera kudzachita lendi pomwepo. Yesaya yemweyo, m'mutu wachisanu, anachenjeza olumikiza nyumba ndi nyumba, munda ndi munda, mpaka anzawo kusowa poponda.

Mpingo suletsa munthu kukhala ndi nyumba ya lendi. Amayi ambiri amasiye ndi agogo opuma pantchito amadya ndi kulipira fizi chifukwa cha zipinda ziwiri zakuseri. Zinthu zakwera mtengo, simenti ndi malata zomwe, ndipo landilodi nayenso ali ndi ana. Koma chiphunzitso cha Mpingo chimati chuma cha munthu chili ndi udindo kwa anzake. Mu Okutobala 2014, polankhula kwa magulu a anthu osauka ku Roma, Papa Francis anatchula zinthu zitatu zimene banja lililonse liyenera kukhala nazo: malo, nyumba ndi ntchito.

Tsono mkhristu amene ali landilodi adzifunse asanalandire Ukaristia. Kodi lendi amakweza atapereka nthawi yokwanira, kapena amangogogoda usiku? Kodi chimbudzi chimodzi chikutumikira mabanja angati? Kodi anazulapo chitseko kapena kutulutsa katundu pamvula chifukwa cha mwezi umodzi? Wochita lendi naye alipire mokhulupirika, ndipo akavutika anene msanga m'malo mothawa usiku.

Mkhristu wogwira ntchito kukhonsolo, khansala kapena mfumu akumbukire kuti mndandanda wa ofuna mapuloti ndi chinthu choyera ngati mbale ya chopereka. Miphakati ndi komiti ya Chilungamo ndi Mtendere zili ndi ufulu wokumana ndi khansala wa dera lawo n'kupempha zinthu zomveka: kuti malo atsopano akamadulidwa gawo lina lisungidwire opeza zochepa, kuti banja limodzi lilandire puloti imodzi, kuti maina a olandira apachikidwe poyera, ndiponso kuti wosauka aloledwe kumanga pang'onopang'ono.

Sabata ino mphakati uliwonse ufufuze banja limodzi limene lili pafupi kutulutsidwa m'nyumba, ndipo ukalichezere pamodzi ndi mwini nyumbayo. Ambuye Yesu, amene anabadwira m'khola chifukwa chosowa malo, aunikire mitima ya eni nyumba, ochita lendi ndi ogawa malo. Amen.