Namwino Amene Ankawerenga Manambala

Nkoyenera kulingalira mofatsa za luso la anthu amene amayendetsa ntchito za anzawo, luso limene limaphatikiza kukonza dongosolo la ntchito yokhala ndi chiyambi ndi mathero, kuyang'anira zochitika za tsiku ndi tsiku, ndiponso kusanthula ziwerengero, kutanthauza kufufuza chimene manambala akuulula.

Florence Nightingale, ngakhale amakumbukiridwa monga namwino, anali katswiri pa zonsezi. Atafika kuchipatala cha asilikali ku Scutari mu 1854 ndi anamwino 38, nkhondo ya ku Crimea ili mkati, anasamala za chakudya, zochapa ndi katundu wa chipatala. Koma ntchito yake yozama koposa inachitika atabwerera ku Britain, kumene iye ndi katswiri wa ziwerengero William Farr anasanthula kaundula wa imfa za asilikali naonetsa kuti ochuluka anafa ndi matenda opeweka, osati ndi mabala. Zimenezi Nightingale anaziika m'zojambula zosavuta kumva, podziwa kuti akuluakulu a boma sangapirire mizere ya manambala, ndipo mu 1858 anakhala mayi woyamba kulandiridwa m'bungwe la Statistical Society ku London.