Kodi ungalowe sukulu ya malamulo podzera pawindo?



Sabata yatha m'bale wathu wina wa ku Ndirande anatipeza ndi funso. Akukonzekera mayeso olowera maphunziro a zamalamulo ku University of Malawi, ku Zomba kuja timangoti ku Chanco. Pagulu lina la WhatsApp pali munthu akugulitsa zinthu ziwiri: mafunso a zaka zam'mbuyo, ndi fayilo ina yomwe akuti ndi pepala lenileni la chaka chino. Ndiye akuti: "Akulu, malo ndi ochepa. Anzanga akulipira aphunzitsi apadera, ine ndilibe. Nditagula pepalali, ndalakwira ndani?"

Funsoli si lopusa ayi. Mwana wa ku Bangwe amene amawerengera tochi ya foni magetsi akathima, bandulo akuchita kuyiumira, sakuyambira pamzere umodzi ndi wa ku Namiwawa. Zimenezo tisabise.

Koma wolakwiridwa alipo. Malo amene ungapeze ndi pepala lobedwa suwalanda kwa mwana wa bwana yekha. Atha kukhala a mlongo wa ku Machinjiri amene wakhala akudzuka m'bandakucha miyezi yonseyi. Dzina lake sulidziwa, koma wamubera basi. Tikumbukenso za 2020: mayeso a MSCE atabedwa anathetsedwa mu November, ndipo onse, obera ndi osabera omwe, anakalembanso mu January 2021. Kuba kwa ochepa kunalangitsa dziko lonse.

Wina anena kuti, "Aaa, mapepala amenewa ambiri amakhala abodza, palibe chabedwa." Mwinadi. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Komatu ngakhale likhale labodza, iwe potumiza ndalama niya yako inali pa lenileni. Wataya ndalama, watayanso china chake mumtima.

Chachikulu ndi ichi: zimene ukusankha kuwerenga lero zikuumba loya amene udzakhale mawa. Loya amasunga amana ya anthu: chuma cha ana amasiye, malo a mayi wamasiye, fayilo ya munthu amene ali pa limandi ku Chichiri. Ngati khomo loyamba unatsegula ndi likasa, tsiku limene wina adzakubweretsere envelopu kuti fayilo isowe, udzakana ndi mphamvu ziti?

Nanga tiwerenge chani? Mafunso akale palibe vuto, bola akhale oti analembedwa kale ndipo aliyense atha kuwapeza. Yamba ndi chilengezo cha yunivesiteyo, uone chimene akufuna, usangomvera za m'magulu. Kenako Malamulo aakulu a dziko lino, a 1994. Tenga Chaputala 4 cha ufulu wachibadwidwe, uwerenge gawo 42, lija limati womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, kenako ulembe m'mawu ako chifukwa chake lamuloli lilipo. Pa intaneti, MalawiLII ili ndi zigamulo zaulere, kuphatikizapo cha pa 3 February 2020 chimene chinafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. N'chachitali, koma ngakhale masamba khumi akuonetsa mmene oweruza amayalira mfundo. Werenganso ndemanga za mu The Nation kapena The Daily Times, uzidzifunsa kuti wolembayu umboni wake uli pati. Ukapeza mpata, kakhale kumbuyo ku High Court ku Chichiri, milandu yambiri ndi yoti aliyense atha kumvera. Mtengo wake ndi wa minibasi basi.

Muyeso wake ndi wosavuta: chimene ukuwerengacho, ungachiike patebulo woyang'anira mayeso akuona? Ngati ungachibise, chisiye.

Sitikunamiza kuti wochita chilungamo aliyense adzakhoza. Utha kulephera, wogula pepala n'kudutsa, ndipo zidzawawa. Koma mayeso umatha kudzayesanso. M'bale wathu uja tinamuuza kuti atenge mafunso akalewo, ndalama inayo agulire bandulo. Anangoti, "Ndamva, akulu." Tikumupempherera.

Allah atifewetsere njira zoyera. Ameen.