Za Nthano za Cikondi Zimene Ana Athu Ali Kuwerenga

Mau kwa Akristu a ku Mlare ndi a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Werengani Rute 3 ndi 4.

Makolo athu a dziko lino la Karonga analira kuti adziwe kuwerenga. Pamene Dr. Robert Laws anayamba kumanga Livingstonia pa Khondowe m'caka ca 1894, anyamata anali kukwera phiri lija ndi miyendo kuti akaphunzire malemba, ndipo masukulu a m'midzi anabala anthu otha kudziwerengera okha Mau a Mulungu. Mphatso yomweyo iri m'manja mwa ana athu lero. Koma khasu lolimira mpunga ndilo litemanso phazi la mwini wace, akaligwira mosasamala.

Mrandu wace ndi uwu. Anyamata ndi asungwana ambiri, ngakhale amai ena a pabanja, ali kuwerenga nthano za cikondi m'mafoni ao, pa Facebook ndi pa WhatsApp, zina m'Cingerezi, zina m'Cicewa. Nthano zotere siziri zatsopano. Kampani ya Mills & Boon inayamba ku London m'caka ca 1908, ndipo timabuku tace tinafika ndi kuno, tinkayenda m'manja m'manja m'masukulu a sekondale kufikira zikuto zitatha. Cacilendo ndi cakuti kabuku kaja kanali kuoneka ndi maso, pamene nthano ya lero ibisala m'thumba, niwerengedwa m'cofunda anthu atagona. Zimene zikondedwa koposa ziyenda motere: mnyamata ndi msungwana a mitundu yosiyana, kapena Mnkhonde ndi Mcewa, kapena wakuda ndi Mzungu, akomana ku sukulu kapena ku nchito. Ayamba monga mabwenzi cabe, athandizana, asekerana, pang'ono pang'ono ubwenzi usanduka cikondi, abale akana, ndipo pakati pa nthano mlembi atsegula citseko ca kucipinda, nalemba poyera zinthu zimene munthu wolangidwa sangazichule pagulu.

Tsono makolo ambiri akwiya, ndipo ali nako kukwiya koyenera. Koma ena aponya mkondo pambali. Ndamva akuru akuti, Nthano izi ziphunzitsa ana athu kukwatira acilendo. Abale, cimeneco sindico chimo. Yosefe anakwatira Asenati, mkazi wa ku Aigupto. Mose anatenga mkazi Mkusi, ndipo pamene Miriamu ndi Aroni anamnena cifukwa ca mkaziyo, amene anagwidwa ndi khate ndiye Miriamu, si Mose iai (Numeri 12). Inde, ndidziwa kuti wina adzanditsegulira Ezara 9 ndi 10, kapena mbiri ya akazi a Solomo. Koma werengani bwino: cimene cinaopsa pamenepo ndico milungu ya akaziwo, imene inapatutsa mitima ya Israyeli, si khungu lao kapena cinenero cao. Paulo anauza anthu a ku Atene kuti mitundu yonse inacokera kwa mmodzi (Macitidwe 17:26). Ndipo ife a ku Karonga tingakane bwanji alendo? Ahenga anafika pakati pa Ankhonde a Kyungu pothawa Angoni, ndipo lero ndi angati mwa inu amene angaloze mwazi wao nati, Uwu ngwa mtundu umodzi wokha? Ngakhale ubwenzi wotsogolera ukwati suli woipa. Kuli bwino mnyamata adziwe mtima wa msungwana masana, pamaso pa anthu, kusiyana ndi kumtenga cifukwa ca nkhope yokha.

Nanga coipa ciri pati? Ciri pa tsabola. Mai wanzeru athira tsabola pang'ono kuti ndiwo zikome. Koma wogulitsa ndiwo zosasa athira wambiri kuti wakudya asazindikire. Mlembi wa nthano izi adziwa nchito yace. Aidula nthano m'zigawo, naleka cigawo ciri conse pamene mtima wa wowerenga uli m'mwamba, kuti mawa agulenso intaneti ndi ndalama ya sopo kapena ya usipa. Ndipo popeza lilime lozolowera tsabola silimvanso mcere, cigawo ca mawa ciyenera kuwawa koposa ca lero. Comweco msungwana amene anayamba ndi kufuna kudziwa ngati awiri aja adzakwatirana, atsiriza ndi kudumpha masamba kufuna za kucipinda zokha.

Wina adzati, Ine ndingowerenga, sindicita kanthu. Ambuye wathu anayankha kale mau amenewa pa phiri, pamene anaphunzitsa kuti cigololo ciyamba m'diso ndi mumtima thupi lisanacite kanthu (Mateyu 5:28). Kumbukirani Amnoni, mwana wa Davide. Iye anasunga cilakolako m'maganizo mwace masiku ambiri kufikira anadwala naco, nacicha cikondi. Koma atacita cimene anacifuna, anamuda Tamara koposa umo anamkondera, namturutsa kunja, nauza mnyamata wace atseke pakhomo (2 Samueli 13). Moto umapita kumene kwatsala chire, ndipo mtima wa mwana wa zaka 15 ndi chire louma la mwezi wa October.

Ndipo pali bodza lina limene ine ndiliyesa lalikuru koposa tsabola, cifukwa silioneka. Nthano izi zithera pamene ukwati uyambira. Mlembi awafikitsa awiriwo pa kukumbatirana, natseka buku. Sanena za ankhoswe. Sanena kuti kwathu kuno mwamuna apereka ng'ombe, mkazi nalowa m'mudzi wa mwamuna, ana nakhala a atate ao. Pamene kwa Acewa mwambo wakale ndi wakuti mwamuna akhale cikamwini kwao kwa mkazi, ndipo mwini mbumba ndiye malume. Sanena kuti mwa mwambo wa Ankhonde mtengwa apewa apongozi ace amuna, ndi kuti msungwana wa kutali wosadziwa ici adzachedwa wamwano asanalakwe dala. Sanena cinenero cimene ana adzapemphera naco, kapena manda amene mkaziyo adzagonamo. Izi ndizo mtolo wa ukwati wa mitundu iwiri, ndipo ungasenzeke ndithu. Koma wophunzira cikondi m'nthano afika pa mtolowo alibe nkhata. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Taonani mbiri yoona. Seretse Khama, mwana wa mfumu ya Bamangwato, anakomana ndi Ruth Williams ku London m'caka ca 1947, nakhala mabwenzi, nakwatirana m'caka ca 1948. Atate a mkaziyo anakwiya; Tshekedi Khama, amene anasunga ufumu, anakana; boma la South Africa linabvuta, ndipo boma la Britain linamletsa Seretse kukhala m'dziko lace kufikira caka ca 1956. Koma iye sanathawe anthu ace. Anaima pa bwalo la ku Serowe nanena mrandu wace pamaso pa akuru, ndipo m'caka ca 1949 iwo anambvomereza. Pambuyo pace anakhala mtsogoleri woyamba wa Botswana m'caka ca 1966, ndipo mkaziyo anakhala m'dzikomo kufikira imfa yace m'caka ca 2002, mwamuna atamwalira kale m'caka ca 1980. Cimene cinawasunga zaka zonsezi si kutentha kwa thupi, ndiko kupirira.

Musayese kuti Buku Lopatulika licita manyazi ndi cikondi ca mwamuna ndi mkazi. Nyimbo ya Solomo iri momwemo, niyamika kukoma kwa mkwati ndi mkwatibwi, koma katatu konse icenjeza ana akazi a ku Yerusalemu kuti asadzutse cikondi nthawi yace isanakwane (2:7, 3:5, 8:4). Ndipo ngati ana athu afuna nthano ya mlendo ndi mwini mudzi amene anayamba ndi cifundo natsiriza ndi ukwati, iripo, ya mitu 4 ndi ndime 85 zokha. Rute anali Mmoabu, wamasiye, wotola khunkha m'munda wa eni ace. Boazi anayamba ndi kumcinjiriza kwa anyamata ace, nampatsa madzi ndi cakudya. Unafika usiku uja pa dwale, pamene mkaziyo anagona ku mapazi ace, kuli mdima, palibe woona. Apa mlembi wa lero akanathira tsabola wace wonse. Koma Boazi anasamala mbiri ya mkaziyo, namyesera miyeso 6 ya barele kuti asapite kwa apongozi ace cimanjamanja. Ndipo kutaca anakwera ku cipata ca mudzi, naitana akuru 10, naweruza mrandu wa ukwati poyera. Mwa ukwati umenewo munabadwa Obedi, atate wa Jese, atate wa Davide.

Tsono inu makolo, musaphwanye foni ndi kuyesa kuti mwatha nchito; mwana adzabwereka ya mnzace. A ku Efeso anatentha mabuku ao a matsenga okha, atatembenuka mtima, popanda wowakakamiza (Macitidwe 19:19). Khalani naye pansi mwana wanu, mai ndi msungwana, atate ndi mnyamata, mumfunse kuti, Anthu a m'nthanoyi adzadya ciani caka camawa? Ankhoswe ao ndani? Inu amai a Mvano ndi a Umanyano, alangizi a asungwana ndinu. Mukakhala cete, mlembi wosadziwika dzina adzalangiza m'malo mwanu. Ndipo inu anyamata ndi asungwana, yesani nthano iri yonse ndi muyeso uwu: kodi mungathe kuiwerenga mokweza pakhonde, amai anu ali kusenda cinangwa pambali panu? Imene ikanika pakhondepo muifafanize m'foni lero lomwe. Akuru a mpingo awerenge buku la Rute ndi a m'kalasi mwezi uno, mutu umodzi pa Sabata liri lonse, ndipo amene ali ndi bwenzi la mtundu wina asaope kudza nalo.