Kwa inu amene mukupita ku Nyika ndi khanda

Ana anga, ndamva zoti mwapangana zopita ku Nyika pa galimoto, ndipo mdzukulu wanga wa miyezi isanuyu mukupita naye. Sindikuletsani. Koma khalani pansi kaye.

Kuchoka kuno ku Sadzi kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 600. Inu bambo a mwana, ndikukudziwani, mudzafuna kudzuka tambala woyamba kuti mukagone ku Mzuzu tsiku lomwelo. Musatero. Dzerani ku Liwonde, Balaka, Ntcheu, Dedza, mukagone ku Lilongwe kapena ku Kasungu. Mwana akalira, imitsani galimoto pamthunzi, mayi ake amuyamwitse atakhala bwino, amusinthe thewera, amuwongole msana. Ulendo uno wolamula ndi iyeyu. Ndipo asakhale pamiyendo ya munthu kumpando wakutsogolo. Malo ake ndi kumbuyo, atamangidwa bwino pakampando kake. Ku Chikangawa kumagwa nkhungu yoti nyali za galimoto siziona patali, ndipo malole a matabwa amadutsa momwemo. Padutseni dzuwa lili pamutu.

Pa Rumphi ndiye pofunika kudekha. Thirani mafuta tanki idzaze, ena m'chigubu, onani tayala la sipeya ndi jeke. Funsani madalaivala a pamenepo mmene msewu wa ku Bolero ndi ku geti la Thazima ulili sabata imeneyo, safunsa anadya phula. Kuchoka pa Rumphi kukafika ku Chelinda, m'kati mwa Nyika, ndi makilomita oposa 100, mbali yaikulu ndi msewu wafumbi, ndipo nthawi ya dzinja umaterera. Chipatala chachikulu mwachisiya pa Rumphi pomwepo. Ndiye ngati mwana wayamba kutentha thupi, kapena akukana bere, musakwere phiri n'kumati tikaona kutsogolo. Buku lake la kusikelo likhale m'chikwama cha mayi ake, pamodzi ndi Thanzi ORS. Akatsegula m'mimba, muziyang'ana liwombo: likalowa m'kati, madzi akutha m'thupi, bwererani kuchipatala, bere lisachoke pakamwa.

Tsono chisanu. Inu mwakulira m'munsi mwa phiri la Zomba, mukuganiza kuti kuzizira mumakudziwa chifukwa cha ku Chawe mu June. Ku Nyika n'kwina. Chelinda ili pamtunda woposa mamita 2,000, ndipo mu June ndi July m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Khanda silinena kuti ndazizidwa. Gwirani pachifuwa pake ndi pamsana. Mukamva kuzizira, mayi amuike pachifuwa pawo khungu kukhungu, mufunde nonse awiri. Chipewa chaubweya, masokosi, majuzi awiri opepuka m'malo mwa imodzi yokhuthala, kuti dzuwa likatuluka muchotse imodzi. Matewera tengani ochuluka, kumeneko ochapa amachedwa kuuma. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka ayi, ngakhale kuzizire bwanji. Utsi wake suoneka, sununkha, ndipo umayamba kugonjetsa wamng'ono. Akayamba kupuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati, chimenecho chingakhale chibayo, musadikire kuti kuche bwino.

Mbidzi, nchefu ndi chilembwe mukaziona ndithu, zimadya poyera pamapiri a udzu aja. Paki ya Nyikayi ndi yaikulu kuposa mapaki onse m'dziko muno, inakhazikitsidwa mu 1965, simungaimalize, ndiye musadzivute. Akambuku aliko, choncho madzulo musamayende ndi mwana kumbuyo kunja kwa kampu.

Ena adzakuuzani kuti mupatukire ku Vwaza mukaone njovu ndi mvuu pa nyanja ya Kazuni. Ine ndikuti ulendo uno kusiyeni. Kuli kashembe, ntchentche yopatsa matenda a kaodzera, ndipo imakonda nsalu zakuda ndi zabuluu, ngati chitenje chimene mwaberekera mwanacho. Mudzapita akadzakula.

Neti musaiwale, ya ku Kasungu ndi ku Rumphi komwe mukagone. Ndipo mukafika pa Thazima, alonda a pageti muwapatse moni wa kwawo, "Monire", akakuthandizani muti "Yewo". Mundiimbire foni muli pa Rumphi, chifukwa kumtundako netiweki njosadalirika.