Njanji za Sitima Zothamanga: Chimene Chimachedwetsa Ena Si Demokalase

Mu Epulo 2008, dziko la China linayamba kumanga njanji ya sitima zothamanga kwambiri yochokera ku Beijing kukafika ku Shanghai, mtunda wa makilomita 1,318. Mu Novembala chaka chomwecho, anthu a ku California m'dziko la America anavota kulola boma lawo kukongola madola pafupifupi 10 biliyoni oyambira njanji ya mtundu womwewo, yolumikiza San Francisco ndi Los Angeles. Anawauza kuti ntchito yonse idzadya madola 33 biliyoni, ndi kuti pofika 2020 sitima zidzakhala zikuyenda. Njanji ya ku China ija inatsegulidwa pa 30 Juni 2011. Ku California khasu loyamba linagwera pansi mu 2015 ku Fresno. Chaka cha 2020 chinafika n'kudutsa popanda sitima, ndipo mtengo unakwera kupitirira madola 100 biliyoni. Chigawo chimene akulimbana nacho ndi cha pakati pa Merced ndi Bakersfield, dera la minda, kutali ndi mizinda ikuluikulu iwiri ija.

Munthu akamva zimenezi sachedwa kugamula mlandu. Amati vuto ndi demokalase: makhothi, aphungu, atolankhani, eni malo okana kusamuka. Amati chitukuko chimafuna mtsogoleri wolankhula kamodzi. Mawu amenewa si achilendo kwathu kuno, kumene msewu ukachedwa ena amayamba kuusa moyo n'kukumbukira nthawi ya chipani chimodzi. Ine maganizo amenewa ndimawakana, ndiponso ndimawaopa, chifukwa amatenga nkhani yoona n'kutulutsamo phunziro labodza.

Zimene China anachita n'zosaneneka, ndipo tisazichepetse. Njanji yake yoyamba ya liwiro la makilomita 350 pa ola, ya pakati pa Beijing ndi Tianjin, inatsegulidwa mu Ogasiti 2008. Pofika kumapeto kwa 2023 dzikolo linali ndi makilomita pafupifupi 45,000 a njanji zothamanga, kuposa mayiko ena onse kuphatikiza pamodzi. Mu 2014 akatswiri a World Bank anawerengera kuti kilomita imodzi ku China inkadya madola pakati pa 17 ndi 21 miliyoni, ku Ulaya pakati pa 25 ndi 39 miliyoni, pomwe ku California inkayembekezeka kufika 56 miliyoni.

Koma tafunsani kuti kutsika mtengoko kukuchokera kuti. Malipiro otsika a antchito alimo, inde. Chachikulu n'chakuti ku China anasankha kamangidwe kamodzi n'kukakamira komweko. Gawo lalikulu la njanji zawo limayenda m'mwamba, pa milatho yaitali yokhala pa zipilala, ndipo zidutswa za konkire zogonekedwa pa zipilalazo n'zofanana, zambiri zotalika mamita 32. Amaziumbira pabwalo lapafupi ndi njanjiyo, ngati mmene woumba njerwa amagwiritsira chikombole chimodzi kuyambira njerwa yoyamba mpaka uvuni kudzaza, kenako makina opangidwira ntchito imeneyo yokha amazinyamula n'kuziika pamalo pake. Kontilakitala amalimba mtima kugula makina otere chifukwa akudziwa kuti akamaliza njanji iyi, ina ikumudikira. Apa palibe chimene chikufuna ulamuliro wankhanza.

Chimene ulamuliro wotero umapereka ndi malo. Ku China munthu sakhala mwini nthaka kotheratu, ndipo boma likafuna kudutsa m'munda mwako mpata wokana ndi wochepa. Liwiro limeneli lili ndi olilipira, ndipo sitimva mawu awo. Lilinso ndi zipsera zina zodziwika. Pa 23 Julayi 2011 sitima ziwiri zinawombana pafupi ndi Wenzhou, anthu 40 n'kufa. Nduna imene inatsogolera ntchito yonseyi, Liu Zhijun, inachotsedwa pa udindo chaka chomwecho ndipo mu 2013 inapezeka yolakwa pa milandu ya ziphuphu. Kampani ya boma yoyendetsa njanji ili ndi ngongole yoposa mayuani 6 thiriliyoni.

Onaninso zimene zinachitika amisiri a ku China omwewo atakamanga kunja. Njanji ya pakati pa Jakarta ndi Bandung ku Indonesia ndi ya makilomita 142 okha. Anaiyamba mu 2016 akuti idzatha mu 2019, koma inatsegulidwa mu Okutobala 2023, itadya madola oposa 7 biliyoni. Mukagawa, kilomita imodzi ikufika pafupifupi madola 50 miliyoni, kuposa kawiri mtengo wa kwawo. Mliri wa Covid-19 unasokonezako, komanso kugula malo kunatenga nthawi yaitali. Luso linalipo, koma dzikolo linali likumanga njanji yotere koyamba.

Dziko limene limathetsa mkanganowu kwa ine ndi Spain. Kumeneko kuli zisankho, makhothi, manyuzipepala olusa ndi maboma a m'zigawo okonda kukangana ndi likulu. Kulinso mapiri ambiri. Komabe ndi dziko lachiwiri padziko lonse pa kutalika kwa njanji zothamanga, makilomita pafupifupi 4,000, ndipo mtengo wake pa kilomita uli m'gulu la yotsikitsitsa ku Ulaya. Anayamba ndi Madrid mpaka Seville mu 1992. Kenako Málaga ndi Valladolid mu 2007, Barcelona mu 2008, Valencia mu 2010, Alicante mu 2013, ndi chigawo cha Galicia mu 2021. Maboma ankasinthana, a zipani zodana, koma ntchito ya njanji sinaimepo kotheratu. Bungwe la boma loyang'anira njanji, Adif, ndi kampani ya boma ya mainjiniya, Ineco, zinasunga anthu odziwa ntchito m'manja mwa boma lenilenilo. Injiniya wa boma amene wamangapo njanji zisanu sanamizidwa ndi kontilakitala pa mtengo wa mlatho. Sikuti ku Spain zonse n'zosalala. Njanji yoboola mapiri a Pajares inatenga zaka pafupifupi 20 isanatsegulidwe mu 2023, ndipo pali masiteshoni ena amene anamangidwa chifukwa cha ndale, okwera ali ochepa. Koma wonena kuti dziko la ufulu silingamange msanga ndi motchipa ayambe wafotokoza za Spain.

Tsono nanga Britain? Nkhani ya njanji ya HS2 imandipweteka, chifukwa ndi dziko limene linayambitsa njanji padziko lapansi. Poyamba anati ndi mapaundi pafupifupi 33 biliyoni adzamanga kuchokera ku London kudzera ku Birmingham, kenako nthambi ziwiri, ina ku Manchester ina ku Leeds. Nthambi ya ku Leeds inadulidwa mu 2021. Ya ku Manchester anaithetsa Rishi Sunak, nduna yaikulu ya dzikolo pa nthawiyo, mu Okutobala 2023. Chatsala ndi chigawo cha London mpaka Birmingham, makilomita pafupifupi 225, ndipo chokhachi chidya ndalama zoposa kutali zimene ankati zikwanira njanji yonse.

Anthu amakonda kutchula denga la mapaundi 100 miliyoni la ku Buckinghamshire loteteza mileme kuti isagundidwe ndi sitima. Amene anali wapampando wa kampani yomanga njanjiyo, Jon Thompson, ananenanso kuti ntchitoyi inafunika zilolezo zoposa 8,000 kuchokera ku makhonsolo ndi mabungwe osiyanasiyana. Zimenezi n'zoona, ndipo n'zolemetsa. Koma mileme si imene inadya mabiliyoni. Njanjiyo anaikonzera liwiro la makilomita 360 pa ola m'dziko limene mizinda yake ili moyandikana, ndipo liwiro lotere limafuna njira yowongoka kwambiri, yosakhota kupewa phiri kapena mudzi. Pofuna kutonthoza okhala m'madera olemera, mtunda wautali anaulowetsa pansi pa nthaka, monga makilomita 16 a pansi pa mapiri a Chiltern. Milatho yambiri inajambulidwa payokhapayokha. Makontilakiti akuluakulu anasainidwa mapulani asanapse. Ndipo koposa zonse, njanji yothamanga yokhayo imene Britain anali atamangapo, ya makilomita 108 yopita ku ngalande ya pansi pa nyanja yolowera ku France, inatha mu 2007, pomwe ntchito yeniyeni ya HS2 inayamba mu 2020. Zaka 13 n'zokwanira kuti amisiri abalalike, ena apume pa ntchito, ena apite kunja. Boma linabwerera ngati wophunzira, n'kumagula nzeru kwa alangizi olipidwa. Ku California kunali chimodzimodzi: bungwe loyang'anira ntchitoyo linayamba ndi antchito ochepa kwambiri, likudalira makampani a alangizi, ndipo linapereka makontilakiti lisanamalize kugula minda imene njanji idzadutsemo.

Njanji yoyamba imakhala yodula kulikonse. Ngakhale ku Japan, kumene zonsezi zinayambira, njanji ya Shinkansen ya pakati pa Tokyo ndi Osaka inamangidwa kuyambira 1959 mpaka 1964, koma mtengo wake unakwera pafupifupi kawiri, kufika mayeni 380 biliyoni. Mkulu wa kampani ya njanji, Shinji Sogo, ndi injiniya wamkulu, Hideo Shima, anachoka pa maudindo awo sitima isanayambe kuyenda. Kusiyana kwake n'kwakuti a ku Japan atalipira mtengo wa kuphunzirawo anapitiriza kumanga, ndipo pofika 1975 njanjiyo inali itafika ku Hakata, pa chilumba cha Kyushu. Ku Britain, podula nthambi za kumpoto, alipira mtengo womwewo n'kutaya phindu lake. Amisiri amene aphunzira kuboola mapiri a Chiltern akamaliza chigawo cha ku Birmingham, ku Manchester ndi ku Leeds kulibe ntchito yowadikira.