KODI CITHUNZI CINGANAME?

Makolo athu sanali kukhulupirira msanga nkhani yakumva, ndipo anatisiyira mwambi wakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Pa bwalo la milandu mfumu imafuna munthu amene anaona ndi maso ace, pakuti mau akayenda pa milomo yambiri amafika atasanduka. Pamene makina ojambulira zithunzi anafika, anthu anayesa kuti apeza mboni yosadziwa kunama, popeza kamera iribe mbale woti imkondere ngakhale mdani woti imnamizire. Kufikira lero, munthu akatsutsidwa amatulutsa cithunzi, ndipo mkangano umathera pomwepo. Tsono funso limene tifuna kulilingalira ndi ili: kodi cikhulupiriro cimeneci ciri pa malo ace? Ndipo ngati cithunzi cikhoza kunama, mlandu uli pa yani?

Tiyambe taona nchito ya wojambula malo, ndiye munthu amene amajambula mapiri, mitsinje, madambo ndi nyanja. Woyamba kujambula dziko ali m'mwamba anali Mfalansa wochedwa Nadar, amene anakwera m'cibaluni pafupi ndi Paris m'caka ca 1858. Kwa zaka zoposa 150 pambuyo pace, kujambula kotere kunali makamaka kwa maboma, ankhondo ndi anthu olemera okhoza kulipira ndege. Koma kuyambira 2013, pamene kampani ya DJI ya ku Shenzhen m'dziko la China inayamba kugulitsa tindege ta Phantom, zinthu zinatembenuka. Kandege kotere, kamene amakacha drone, kali ndi timapiko tinai tozungulira, kalibe munthu m'kati, ndipo kamanyamula kamera ku mimba kwace. Mwini wace amaima pansi nakayendetsa ndi zala, akuona pa galasi la lamya yace zonse zimene kamera iona. Akabwerera kunyumba amaika zithunzizo m'kompyuta. Pulogalamu ya Photoshop, imene inatuluka mu 1990, imamlola kuwalitsa pamene pada, kufufuta cimene sacifuna ndi kuika cimene panalibe. Ndipo kuyambira 2020 iri ndi cipangizo cocotsera thambo lonse la m'cithunzi ndi kuikapo thambo lina m'kamphindi.

Pali anthu amene amati kukhudza cithunzi ngakhale pang'ono ndi bodza. Maganizo amenewa amveka oongoka, koma sapirira tikawayesa. Kamera siona monga liona diso. Munthu ataima m'mbali mwa nyanja madzulo amaona mafunde ndi mitambo pamodzi, koma magalasi ojambulira a kale sanali kukhoza kugwira zonse ziwiri: madzi akaoneka bwino, thambo linali kutuluka loyera mbee. Cifukwa cace Gustave Le Gray, Mfalansa wa zaka za m'ma 1850, anali kujambula nyanja pa galasi limodzi ndi thambo pa galasi lina, naziphatikiza pa pepala limodzi. Ansel Adams wa ku America, amene anajambula mwezi ukutuluka pa mudzi wa Hernandez ku New Mexico mu 1941, anali kudetsa thambo la cithunzico posindikiza, ndipo sanabise zimenezi. Ngakhale lamya ya m'thumba mwanu imakonza maonekedwe a cithunzi inu musanaciona. Cotero palibe cithunzi cimene sicinakhudzidwe, ndipo tikati kukhudza konse ndi bodza, ndiye kuti sipanakhalepo cithunzi coona ndi cimodzi comwe.

Ena amagwa mbali inayo, nati popeza zonse zimakonzedwa, wojambula acite monga afuna. Awanso alakwa, ndipo nkhani ziwiri zitithandiza kuona polakwira pao. Mu 1982 magazini ya National Geographic inafuna kuika cithunzi ca mapiramidi a ku Giza m'dziko la Egypt pa cikuto cace. Cithunzico cinali cacikulu m'mimba, pamene cikuto cinali cacitali, ndipo akonzi anasendeza piramidi imodzi ndi makina kuti iyandikire inzace. Palibe amene anapwetekedwa, komabe anthu anakwiya, pakuti magazini imeneyo anali kuigula kuti adziwe mmene dziko liriri. Mu 2006, pa nkhondo ya ku Lebanon, wojambula wina dzina lace Adnan Hajj anaonjezera utsi pa cithunzi ca mzinda wa Beirut utaphulitsidwa. Utsi unalipo ndithu, iye anangoucurukitsa. Koma bungwe la nkhani la Reuters linaleka kugwira naye nchito, nilicotsa zithunzi zace zonse mazanamazana. Zoona zimene anajambula kale zinafera pamodzi ndi bodza limodzilo.

Nanga kusiyana kwa Adams ndi Hajj kuli pati, popeza onse awiri anadetsa thambo? Kuli pa lonjezo limene munthu amapereka kwa woona. Wojambula ali ndi mipando iwiri imene akhoza kukhalapo. Wina ndi mpando wa mmisiri, monga wosema zifanizo kapena woumba mbiya, amene nchito yace ndi kukondweretsa maso. Palibe amamufunsa wosema ngati njobvu yace ya mtengo inakhalakodi m'chire. Wina ndi mpando wa mboni, amene mau ace ndi akuti, ndinalipo, ndipo zinali cotere. Mipando yonse iwiri ndi yaulemu. Coipa ndi kugwira nchito ya mmisiri utakhala pa mpando wa mboni, ndi kulandira cikhulupiriro cimene anthu amapatsa mboni yokha. Muyeso wace ndi wapafupi: woona cithunzi akadaima pambali pako tsiku lijalo, kodi akadabvomera kuti ndi zomwezo, kapena akadamva kuti wamcenjerera? Kuwalitsa mthunzi kuti pepala lifanane ndi cimene diso linaona ndiko kuthandiza coonadi. Kubwereka thambo lofiira la dziko lina, kuliika pamwamba pa mtsinje wa Luangwa, ndi kugulitsa cithunzico kwa alendo monga maonekedwe a malowo, ndiko kugulitsa ufa wosakaniza ndi phulusa.

Koma nkhani siithera pa kompyuta, pakuti cithunzi cosakhudzidwa konse cikhozanso kusokeretsa. Citsanzo tiri naco kwathu konkuno. Mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi otambasuka mamita oposa 1,700, ndipo pakuya pace penipeni ndi mamita 108. Madzi ace amacuruka kwambiri m'mwezi wa Epulo ndi kucepa m'Okutobala ndi Novembala, ndipo caka ndi caka mbali ya kum'mawa, ya ku Zambia, imatsala pafupifupi thanthwe lokha m'nyengo ya mafundi. Mu 2019 kunali cilala cacikulu. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi nasowa m'matauni. Edgar Lungu, amene anali mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, anafalitsa zithunzi za thanthwe loumalo pocenjeza za kusintha kwa nyengo, ndipo kumapeto kwa cakaco manyuzipepala a maiko akutali analemba monga kuti mathithi ali kuuma. Anthu a ku Livingstone ndi a tsidya lija la Zimbabwe, amene cakudya cao cimacokera kwa alendo, anadandaula kuti mbali ina madzi anali kugwabe, ndi kuti nkhani zimenezo zidzathawitsa alendo. Mvula itagwa, mathithi anadzazanso mu 2020.

Kodi apa ananama ndani? Thanthwe linali loumadi, ndipo cilala cinali coona. Komabe munthu wa ku London amene sadziwa nyengo zathu, ataona cithunzi ca Epulo pambali pa cithunzi ca Novembala popanda womuuza miyezi yace, anatengapo phunziro loposa cimene zithunzizo zikadakhoza kucitira umboni. Wojambula amasankha poima, amasankha tsiku, amasankhanso cimene adzasiya kunja kwa mpanda wa cithunzi, ndipo kusankha konseku ndi kulankhula. Mboni imene inena theka la zimene inaona, nikhala cete pa theka lina, siinganene kuti manja ace ali oyera. Cifukwa cace mau ocepa olembedwa pansi pa cithunzi, onena malo, mwezi ndi caka, ali mbali ya umboni, ndipo wowasiya dala wakonza cithunzi cace ngakhale sanakhudze kompyuta.

Kandege kaja kabwera ndi mlandu wina umene Le Gray ndi Adams sanaudziwe, ndiwo mlandu wa ojambulidwa. Mu 2018 anthu mamiliyoni anaonerera pa intaneti kanema wa kamwana ka cimbalangondo ku Magadan m'dziko la Russia, kakuyesa kukwera phiri la cipale kutsata mace, kakuterereka ndi kuyambanso. Ambiri anautenga monga phunziro la kusataya mtima. Koma odziwa za nyama anaonetsa kuti zimbalangondozo zinaoneka kuti ziri kuthawa kandege kamene kanali kuzijambula, ndi kuti pamene kanayandikira, mai uja anatukula dzanja mwamantha, kamwana nkugweranso pansi. Kamera inajambula tsoka limene inalibweretsa yokha, koma yosadzionetsa. Nkhalango zosungidwa za boma la America zinaletsa tindege timeneti mu 2014, cimodzi mwa zifukwa zace ciri comweci ca kubvutitsa nyama.

Ngati ziri cotero ndi nyama, nanga anthu? Mwambo wathu uli wakuti mlendo amaima pa khomo nanena odi, nadikira kuti amlandire. Mpanda wa udzu wa mosambira ulibe denga, pakuti omanga sanayembekeze maso ocokera kumwamba. Ku manda ndi ku dambwe saloledwa kufikako munthu wamba. Kandege kakhoza kuuluka pamwamba pa zonsezi kosanena odi, mwini wace ali kutali, wosadziwika nkhope. Ngakhale atakhala ndi cilolezo ca boma coulutsira kandegeko, cilolezo ca boma sicilowa m'malo mwa cilolezo ca eni mudzi. Pali ciyeso cinanso cobisika: kuona ucokera kumwamba kumakometsa zinthu zowawa. Mudzi womira m'madzi osefukira umaoneka ngati mikanda yomwazika pa nsalu, ndipo milu ya zotaya za m'migodi imaoneka ngati zolembalemba za pa mbiya. Kulira sikumveka pa msinkhu wotero. Wojambula wa mtima wabwino ayenera kutsikanso pansi, kuti adziwe ndi kuuza ena cimene anthu a m'mikanda imeneyo ali kumva.

Kunena izi si kudana ndi makina ai. Tindege tomweti timathandiza kupeza anthu otsekeredwa ndi madzi, kuyesa minda, ndi kuonetsa pamene nkhalango zathera ku makala. Ndipo pamenepo phindu lace lonse lagona pa kukhulupirika kwa cithunzi. Anthu akazolowera kukayika cithunzi ciri conse, tsiku limene cithunzi coona cidzafunika kuti cipulumutse mudzi kapena citsutse munthu wamphamvu, cidzapeza makutu atatsekeka kale. Wonama mmodzi amadetsa citsime cimene ojambula onse amamwapo.

Tsono yankho la funso lathu ndi lakuti cithunzi pa cokha sicinama, monga mpeni pa wokha subaya. Amanama ndi munthu amene acipereka monga cimene siciri. Inu anzanga amene mwatsiriza sukulu, ena mwa inu mudzagwira nchito imeneyi, ndipo nonse mudzakhala oona zithunzi masiku onse a moyo wanu. Mukakhala ojambula, nenani poyera mpando umene mwakhalapo, lembani tsiku ndi malo, ndipo musaulutse maso anu pamene miyendo yanu ikadayamba yapempha kulowa. Mukakhala oona, cifunseni cithunzi mafunso omwe aja amene mfumu imafunsa mboni pa bwalo: unaima pati, linali tsiku lanji, ndipo wasiya ciani cosanena?